Fungo Linali Langa

Melbourne
Lolemba, 5 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi Bronte. Bondo lija likutani ndi chisanu cha mwezi uno? Amayi anandiuza dzulo pa foni kuti mapaipi a kukhola anaundana kawiri sabata yatha, ndiponso kuti ng'ombe zayamba kubereka. Ine kuno m'thupi ndili bwino.

Mudabwa kulandira kalata yochokera kwa ine, poti chibadwire sindinakulemberenipo. Pa foni sizikanatheka. Inu mukagwira foni mumafunsa ngati kuno kukugwa mvula, ine n'kuyankha, kenako mumapatsira amayi. Zimene ndikufuna kunenazi sizingakwane pa kampata kameneko.

Ndiyambe ndi za kuno. Teremu yayamba bwino. Masamu ndinakhoza, Chingerezi ndinangodutsa mwamwayi. Nsapato zayamba kundithina koma zifika Disembala. Chakudya n'chomwe chija. Tevita, mnzanga wa m'chipinda, amati nkhosa imene amatipatsa Lachitatu inafa ndi ukalamba iye asanabadwe, koma amamaliza yake n'kupempha yanga. Amanditchula Mlenje, ati ndimayenda m'khonde ngati ndikuzembera aphunzitsi kuti ndiwawombere. A Halloran, amene amayang'anira nyumba yathu yogona, anandiitana sabata yatha kundifunsa chifukwa chimene ndimakhalira ndekha kumapeto kwa bwalo nthawi yopuma. Ndinawauza kuti ndimaonerera mbalame. Iwo anati palibe cholakwika, koma ndipezeko mnzanga mmodzi wopanda mapiko.

Amayi anandiuzanso zinthu zina ziwiri, ndipo ndi zimene zandilembetsa kalatayi. Choyamba, anati Lachinayi amalume Merv anabwera inu muli kudambo, atanyamula mfuti yawo, n'kupempha kuti muitsekere m'kabati yanu. Tiyi anakana. Anauza amayi kuti iwo za m'tchire athana nazo, poti munthu amene waleka kumva kumene mpweya ukulowera alibe chochita kumeneko. Chachiwiri, anati Loweruka pa 17 mukufuna kukakhomola nsanja yodikirirapo nyama ya ku khwawa la Doolan n'kuisamutsira pamwamba, pa bulugama wamphanda uja.

Bambo, nsanjayo musaichotse. Amalume sanalakwitse mtengo. Amene anathamangitsa mphongo ya mbawala ija ndine.

Ndifotokoza zonse mwandondomeko, ngakhale zimene mukuzidziwa kale, chifukwa ndikadumpha pena ndipeza pobisala.

Mukukumbukira mu Meyi, sabata imene ndinabwera kudzapuma, tinakakhoma nsanja ija atatu. Inu munkafuna ikhale pa kamsana ka phiri, pa bulugama wamphanda, poti pamenepo chithaphwi chimene mphongo imasambamo matope chimaoneka chonse ngati mbale. Amalume anakana. Anati pamwambapo m'pabwino dzuwa likamaomba phirilo, chifukwa mpweya wofunda umakwera n'kunyamula fungo la munthu kupita nalo kumwamba. Koma mphongo iyi, pa zaka zitatu zimene akhala akuitsata, sinabwerepo kuchithaphwi dzuwa lili pa phiri. Imadikira mthunzi. Ndipo mthunzi ukangofika mpweya umazizira, n'kutembenuka, n'kuyamba kutsetsereka m'khwawa ngati madzi. Anati munthu wokhala pamwamba nthawi imeneyo akudzithira yekha m'mphuno mwa nyama.

N'chifukwa chake anasankha mtengo wa kumunsi, m'mbali mwa kamtsinje, kuti fungo lanu lizitsika ndi madzi kusiya chithaphwi kumtunda. Anati muzikwera ndi kamtsinjeko mthunzi utafika kale, osati usanafike. Anakhomanso thabwa lotsamiritsapo mfuti chifukwa cha matenda a manja awo aja.

Tsikulo munasekana kwambiri. Inu munati, "Alamu, ndi mafuta a m'chiuno mumadzolawa, kaya mukhale kumtunda kaya kumunsi, mbawala zonse mpaka ku Omeo zikumvani." Iwo anati, "Ine ndi fungo, inu ndi phokoso. Mumayenda m'tchire ngati firiji ikugubuduzika pa masitepe. M'patseni mwanayo hamala musanadzikhome chala." Pamapeto pake munagonja, n'kunena kuti mphongoyo ndi yawo, mtengonso ukhale wawo. Pobwerera amalume anandipatsa kabotolo ka phulusa la m'chitofu koonera mpweya, n'kuika lamulo lakuti pasapezeke munthu woponda m'khwawamo mpaka Loweruka pa 6 Julaye, kuti fungo lathu ndi la matabwa lithe.

Lachisanu pa 5 Julaye, tchuthi chili mkati, ndinakuuzani kuti ndikupita kukaona waya wa mpanda wakumtunda. Wayayo ndinamuona ndithu, kwa mphindi khumi. Kenako ndinasiya njinga yamoto pa geti n'kukwera phiri wapansi. Mfuti sindinatenge. Ndinkangofuna kuiona ndi maso anga isanafe. Zaka zonsezi ndinkangoiona pa zithunzi za kamera yomangirira pa mtengo ija, maso ali mbee, nyanga imodzi itapindikira kunja.

Ndinadziuza kuti ndikudziwa chimene ndikuchita. Inali cha m'ma thu koloko, dzuwa lili pa phiri, ndipo nditafinya kabotolo phulusa linandidutsa pa phewa kulowera kumwamba. Ndinakhala pansi pa bulugama wamphanda, womwe uja mukufuna kusamutsirako nsanja. Ndinapangana ndi mtima wanga kuti mthunzi ukafika pa chitsa choyera cha kutsidya kuja, ndinyamuka. Ndinakhala nthawi yaitali osaona kanthu kupatula kawalabi, kanyama kodumpha ndi miyendo yakumbuyo kaja, kamene kanabwera kudzamwa n'kupita.

Mthunzi unafika pa chitsa. Sindinanyamuke. Nthawi yomweyo ndinamva nthambi ikuthyoka m'ziyangoyango za kuseri kwa chithaphwi, kenako phokoso la nyanga zikukhula mtengo, ndipo ndinati ndingowonjezera mphindi zisanu. Masamba onse anangoti zii. Mukukadziwa kamphindi kaja mpweya ukaima ngati waiwala kolowera. Kenako ndinamva kuzizira kumbuyo kwa khosi, pansi pa chipewa. Amalume anandiphunzitsa ndili ndi zaka eyiti kuti khosi likazizira kumbuyo uli pamwamba pa nyama, ndiye kuti mpweya watembenuka, choka. Kabotolo kanali m'dzanja langa koma sindinakafinye, chifukwa ndinkadziwa kale kumene phulusalo likanalowera.

Inatuluka. Bambo, ndi yaikulu kuposa pa zithunzi. Khosi lake ndi lakuda ndi matope ouma, ndipo khutu lakumanzere ndi long'ambika, chimene kamera sinationetsepo. Inaima nthawi yaitali m'mphepete mwa tchire, makutu okha akuyenda. Kenako inabwera pang'onopang'ono n'kulowetsa miyendo yakutsogolo m'matope. Sindinaonepo chinthu chodekha chotero.

Ili chiimire m'matopemo, inatukula mphuno. Inanyambita mphunoyo kamodzi n'kutembenuzira mutu kumene ndinali. Sinandione, ndipo panalibe chifukwa choti indione. Mchira unaima, inamenyetsa chiboda pansi, n'kulira kulira kwake kuja ngati hutala ya lole, mpaka ndinakumva m'nthiti. Inakwera phiri la kutsidya osaima, n'kuwolokera kuseri. Miyala inapitiriza kugubuduzika iyo itapita kale.

Pali china chimene ndachilemba n'kuchifufuta kawiri, koma ndichisiya tsopano. Itathawa, mantha asanandigwire, mtima wanga unakondwa. Kanali kamphindi kochepa koma ndinakamva bwinobwino. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinakhala pa mtengopo chifukwa cholephera kuchoka, kapena chifukwa chofuna kuti indimve ipulumuke. Ndikadzifunsa m'mawa yankho limakhala lina, madzulo lina. Sindikufuna kukupatsani lokhalo limene likundikomera.

Madzulo amenewo tinadya limodzi ndi amalume. Anali osangalala ngati mwana. Anafunsa amayi ngati pakhoma la pabalaza pathu pali malo, poti akazi awo, azakhali Sheree, anakana kale kuti nyanga zina zilowe m'nyumba mwawo. Ine ndinkangodya.

Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine, poti amene munazizidwa ndinu. Madzulo naini otsatizana munkakwera ndi kamtsinje n'kukakhala m'nsanja mpaka kuwala kutatha, n'kubwerako opanda ngakhale chonena. Koma mwina simunaone zimene ndinkaona ine polandira majombo pakhomo. Tsiku lachitatu amalume anasiya kudzola mafuta aja, ndipo ankatsika m'pikapu atagwira chitseko ndi manja awiri chifukwa cha chiuno. Tsiku lachinayi anasiya anyezi. Kenako anayamba kufukiza zovala zawo ndi utsi wa masamba a bulugama, n'kusiya kumwa tiyi masana kuopa kutsika m'nsanja kukataya madzi. Ankafunafuna fungo pa thupi lawo, chikhalirecho fungolo linali langa. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa.

Ndiye Lamulungu lija m'shedi, kutatsala tsiku limodzi kuti ndibwerere kuno. Ine ndinkawaza nkhuni pakhomo. Munali mutangoona kuti kamera ilibe chithunzi cha mphongo chiyambire pa 3 Julaye. Inu munati mtengowo ndi wolakwika, pansi pa khwawa mpweya umazungulira ngati madzi a m'bafa, ndipo munawauza kale mu Meyi. Amalume anati phulusa silinama, madzulo onse naini linatsika ndi mtsinje inu mukuona. Munawafunsa kuti nanga mphongoyo yapita kuti, kutchuthi? Iwo anati alipo wina anapondamo. Apo ndi pamene anatembenukira kwa ine.

Anati, "Kadzidzi, iwe maso ako sagona. Tsiku unapita kumpanda lija sunaoneko matayala achilendo, kapena mapazi a munthu?"

Ndinati ayi amalume, sindinaone kanthu. Ndinayankha maso ali pa nkhwangwa.

Ndiye inu munanena mawu aja. Sindikuwabwereza kuti ndikuimbeni mlandu, poti amene anakutsegulirani njira ndine. Munati, "Mwamva? Palibe anapondamo. Alamu, ingovomerezani, si manja okha amene ayamba kunjenjemera."

Amalume anayesa kutseka zipi ya jekete, manja akukana, anayesanso, kachitatu anangoisiya yotsegula n'kupita ku pikapu yawo. Atachoka ndinaona nkhope yanu. Munatenga chitini cha misomali n'kuchibwezera pamene munachitenga, kenako n'kutuluka osandiyang'ana. Ndikudziwa kuti munafuna kuwameza mawuwo. Ine ndikanati nditsegule pakamwa nthawi yomweyo, pikapu isanafike pa geti, mukanawathamangira. Ndinapitiriza kuwaza nkhuni.

Ndinkaganiza kuti ndikafika kuno ziiwalika, ndipo inu awiri mugwirizana monga mumachitira mukakangana za mpira. Zaka makumi awiri ndi zisanu mukusaka limodzi, ndinkati sabata imodzi yakwana. Koma amayi akuti chichokereni tsiku lija amalume sanadyeko kwathu Lamulungu, ndipo mukakumana kusitolo mumangokwezerana dzanja. Akutinso azakhali anawapeza atalemba mayina a mankhwala awo ndi masiku a sabata pa chitseko cha firiji, ati sakudzikhulupiriranso mutu. Bambo, mutu wawo uli bwino. Pa anthu tonse atatu, amene ananena zoona m'shedi muja ndi iwo okha. Alipodi anapondamo.

Kuno sizinaiwalike. Khitchini yathu ili pamwamba, bwalo lili kumunsi. Tsiku lililonse mthunzi wa nyumba ya tchalitchi ukaphimba bwalo, fungo la tchipisi limatsetsereka mpaka kumene ndimakhala, nthawi yake yomweyo, ndipo anzanga amayamba kukuwa kuti njala. Ine njala imandithera pomwepo.

Dzulo nditamaliza kulankhula ndi amayi, Tevita anandipeza nditakhala pa masitepe a kochapira. Anandifunsa kuti wamwalira ndani. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinamuuza zonse, ndipo ndi munthu woyamba kumuuza. Za mpweya sanazimvetse, anandifunsa kawiri ngati mbawala imamvadi fungo la munthu wosamba. Koma nditamaliza anati, "Iwe Mlenje, ndiwe chitsiru. Mbawalayo ili moyo, ikudya bwino kumene iliko. Amene ukumupha ndi mdala uja." Ndinamuuza kuti bambo anga akamva andisenda. Iye anati akusende, khungu limamera, ndipo anandikoka dzanja mpaka ku ofesi ya a Halloran. Paja mumati mlandu suwola. Uwu wakhala mwezi wathunthu ndipo ukungokula.

Za nsanja ndinene chimodzi, ngakhale si malo anga kukuphunzitsani. Bulugama wamphanda uja ndamuyesa kale ine. Ndinakhala pansi pake kuyambira dzuwa lili pa phiri mpaka mthunzi, ndipo mpweya utatembenuka sipanathe mphindi khumi mphongo isanandimve. Kukwera m'mwamba mwa mtengo sikungathandize, poti mpweya wozizira umatsika ndi phiri lonse, ndipo kakhwawa ka pansi pa mtengowo kamathira m'chithaphwi mwenimwenimo. Amalume ankanenanso kuti mbawala ya mtundu uwu ikadzidzimutsidwa kamodzi imabwerera pakatha masabata sikisi kapena eyiti, bola malowo asiyidwe. Pa 17 adzakhala atakwana sikisi. Mukapitako ndi makwerero ndi hamala tsiku limenelo, muiyambitsanso kuwerenga, ndipo sindikudziwa ngati manja a amalume angadikire chaka china.

Ngati idzabwerera n'kuphedwa, ndidzamva chisoni, sindikubisani. Koma ndidzathandiza kunyamula nyama. Chisoni chimenecho ndi changa, sindinayenere kuchilipiritsa amalume.

Pempho langa ndi limodzi. M'envulopu muno muli fomu ya chilolezo chotuluka kumapeto a sabata. A Halloran akuti ikasainidwa ndi kholo n'kufika pofika Lachitatu pa 14, andilola kukwera sitima ya Lachisanu masana yopita ku Bairnsdale. Amayi angathe kungoijambula ndi foni n'kutumiza. Ndikupempha musaine, ndipo Loweruka lomwe munati mukakhomole nsanjalo, m'malo mwake mundiperekeze kwa amalume. Mukhoza kutsala m'galimoto ngati mukufuna. Anandifunsa ine pamaso, ndipo ndinawanamiza pamaso, choncho ndikufuna ndikaime pakhonde pawo ndinene ndekha. Koma mukaona kuti masiku khumi ndi awiri achuluka kwa munthu amene akukayika mutu wake, musadikire ine. Pitani mukawauze chimodzi chokha, chakuti mtengo wawo unali wabwino. Mawu amenewo akamveka bwino kuchokera kwa inu kuposa kwa wina aliyense.

Chilango chilichonse mungandipatse ndichilandira. Mukati chaka chino ndi chamawa ndisagwire mfuti, kapena ndisapondenso ku Doolan, sinditsutsa. Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti mudzanditenga ku siteshoni n'kuyenda maola awiri onse aja osalankhula. Ngati n'kotheka, mundikalipire.

Mupereke moni kwa amayi, ndipo muwaonetse kalatayi, poti akhala akunyamula nkhaniyi pakati pa mwamuna wawo ndi mlongo wawo osadziwa kuti mwini wake ndi mwana wawo. Moni kwa Bronte, mumuuze kuti njinga yamoto angakwere koma asaisiye pa mvula. Moni kwa agogo Noela, masokosi aja andithandiza kwambiri. Moni kwa azakhali Sheree ndi kwa msuweni wanga Clancy.

Amalume okha musawapatsire moni wanga. Ndikufuna ndikaupereke ndekha, ngati angaulandire.

Ndine mwana wanu,
Keiran